Magazi Ochepa, Magazi Othamanga

Ulusi unakana kulowa m'singano kachinayi. Telala anasiya kudula nsalu n'kuyang'ana mng'ono wake, amene anali pamakina osokera ndi mimba yake ya miyezi isanu ndi itatu.

"Iwe, singanoyo ili ndi bowo limodzi lokha. Ukusaka lina?"

Mng'ono wakeyo sanaseke. "Achemwali, ndikuona tinthu tothwanima m'maso. Mutu nawo ukuchita ngati ung'ambika."

Apo m'pamene telala anamuyang'anitsitsa. Nkhope inali itatupa, mapazi atasefukira m'masilipasi. Atamutambasula dzanja, chikhatho chinali mbuu. Anaponya sizasi patebulo n'kuthamangira kumsewu kukaimitsa galimoto, shopu osatseka.

Kuchipatala nesi anamanga lamba pamkono wa wodwalayo, n'kupopa, n'kuwerenga. Anapopanso kachiwiri. Kenako anamutsitsa chikope ndi chala n'kukuwira mnzake.

"Bedi, msanga! BP yakwera kwambiri, magazinso akuoneka ochepa." Anatembenukira kwa telala. "Ndinu ndani wake?"

"Mkulu wake."

"Mapiritsi owonjezera magazi amene timapereka kusikelo, amamwa?"

Telala anakumbukira zimene anachita. Miyezi iwiri m'mbuyomo, mng'ono wake anabwera kuchokera kusikelo akunena kuti BP yayamba kukwera. Telalayo, mayi wa ana anayi amene kwawo onse ankamufunsa za uchembere, ndi amene anamuuza kuti, "Magazi akuthamanga chifukwa achuluka. Ndiye uwonjezerenso ena? Ukufuna kuphulika?" Anamulanda mapiritsiwo n'kuwaponya m'dirowa ya mabatani.

"Ndinamuletsa ndine," anayankha.

Nesi anapumira m'mwamba. "Mayi, kuthamanga si kuchuluka ayi. Magazi akachepa, mtima umavutika, mwananso m'mimbamo salandira zokwanira. Ziwirizi zimatha kubwera limodzi, ndipo zikakumana pa munthu mmodzi, ngozi imakula. Akataya magazi pobereka, atsala ndi chiyani?"

"Achira koma?"

"Dikirani panja."

Telala anakhala pabenchi, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Chitseko chikatseguka ankadzuka, chikatsekeka ankakhalanso. M'kati anamva wina akuitana mng'ono wake mobwerezabwereza, ngati podzutsa munthu amene sakuyankha. Anayesa kupemphera, koma mawu ankathera pa "Ambuye" pomwepo.

Mwamuna wa mng'ono wake, makanika, anafika akuthamanga, manja ali bii ndi oyilo.

"Alamu, chachitika n'chiyani? M'mawa uja amandiseka kuti ndavala malaya mozondotsa!"

Asanayankhe, dokotala anatuluka. Anati wodwalayo amubaya jakisoni woti asakomoke, koma mwana ayenera kutuluka lero lomwe, pa opaleshoni. Magazi ofanana ndi ake analipo ochepa, choncho achibale amene angathe akayezetse kuchipinda chakumapeto. Makanika anasayina pepala, cholembera chikuterereka m'zala.

"Koma ankamwa mankhwala onse," anatero makanikayo, dokotala atachoka. "Ndinkamufunsa, ankati akumwa."

Telala anazindikira kuti mng'ono wake ankamubisira mlandu. Akanatha kungokhala chete.

"Alamu, sankamwa. Ndinamulanda ine. Ndinkayesa ndikumuthandiza."

Makanika anamuyang'ana nthawi yaitali. Telala anadikira kutukwanidwa, mwinanso ankafuna kutero. Koma mwamunayo anangopukuta manja pa ovolosi n'kuloza kumapeto kwa khonde.

"Zimenezo tidzakamba iye akadzuka. Tiyeni, akufuna magazi."