Dzino la Lekani ndi Nkhuku ya Apongozi

Lekani ankatchetcha udzu pa bwalo la ndege ku Chileka, ndipo ndege sankaziopa. Zinkatera pafupi naye, mphepo yake n'kumuulutsira chipewa, iye n'kuchitola n'kupitiriza ntchito. Chimene ankaopa chinali chitsulo chozulira mano. Mwina wina aseka, koma mantha sasankha msinkhu wa munthu.

Ali ndi zaka khumi, amalume ake awiri anamupanikiza pansi, wina kumapewa wina kumiyendo, kapitawo wa pa esiteti n'kumuzula dzino ndi pulayala yokonzera njinga. Dzinolo linathyoka pakati, munthu uja n'kubwereza. Nkhaniyi Lekani sanauzepo aliyense, ngakhale Nellie, mkazi wake amene anali naye m'banja miyezi isanu.

M'chaka cha 1958, mvula itangosiya, dzino lakumapeto linabowoka. Anayesa mchere, anayesa kuikapo fodya wopera, koma tsaya linatupa mpaka diso linayamba kuchepa. Lolemba anapempha tchuthi, napalasa njinga yekha mpaka ku disipensale ya ku Lirangwe, kutali ndi anzake a kuntchito.

A Goodson, amene ankayang'anira disipensaleyo, anamuyang'ana m'kamwa n'kugwedeza mutu.

"Ili ndi lozula, achimwene. Ndikubayani jekeseni pankhama, pachita dzanzi, ndizula muli maso."

"Palibe njira ina?" anafunsa Lekani, maso ali pansi.

"Kodi nanunso ndi aja akuti jekeseni ya boma la Chitaganya imatha anthu mphamvu?"

"Iyayi. Kungoti... sindikufuna kuona."

A Goodson sanaseke. Anati Lachinayi kudzabwera dotolo wa ku mishoni, amene ankafika kamodzi pamwezi ndi mankhwala ogonetsa, odonthezera pakansalu kophimba mphuno. "Mukadzuka, dzino lili m'mbale. Koma lamulo lake ndi limodzi. Kuyambira Lachitatu madzulo musaike kanthu m'mimba. Munthu wokhuta akagonetsedwa amasanza, n'kutsamwa ali mtulo. Mwamva?"

Lekani anamva. Kunyumba anangonena kuti akazula Lachinayi. Za kugonetsedwa sanatchule, chifukwa Nellie akanafunsa kuti bwanji, ndipo yankho lake linali lochititsa manyazi.

Lachinayi m'mawa anakana phala, nati dzino likuwawa kwambiri. Nellie anamanga mpango wake wa kutchalitchi n'kukhala pakaliyala.

"Ndipita ndekha," anatero Lekani.

"Ndiye pobwera mukakomoka panjira, akakutolani ndi a ndege?"

Anapalasa dzuwa lisanakwere. Atayandikira Lirangwe, Nellie anamugwira malaya. "Imani, tilonjere amayi. Ndinatumiza mawu dzulo." Mudzi wa kwawo kwa Nellie unali m'mbali mwa msewu womwewo, ndipo mkamwini sadutsa pakhomo pa apongozi ngati basi ya ku Mwanza.

Mayi Alufandika, amayi ake a Nellie, atangoona njinga anathawira kuseri kwa nkhokwe monga mwa mwambo. Lekani anakhala pamkeka pakhonde, kuyang'ana kwina. Ankalankhulana kudzera mwa Nellie ngakhale ankamvana bwinobwino.

"Uwafunse bambo aja kuti agona bwanji."

"Auzeni kuti ndagona pang'ono, kaya iwo."

"Uwauze kuti ndamva za dzino. Munthu sapita kwa dotolo ndi njala, amatuluka magazi ambiri."

Nellie anabwera ndi madzi osamba m'manja, kenako mbale ziwiri. M'imodzi munali futali wa mbatata wopondedwa mpaka kufewa ngati phala la mwana. M'inayo munali msuzi wa nkhuku ndi chiwindi chonyenyedwa tizidutswa, kuti munthu wa dzino ameze osatafuna. Lekani anaona nthenga zofiira pafupi ndi mtondo. Anazizindikira. Unali msoti uja apongozi anakana kugulitsa pa Khirisimasi.

Mawu anafika pakhosi: sindiloledwa kudya. Koma akanawanena, Nellie akanawanyamula kupita nawo kuseri kwa nkhokwe, n'kubwera ndi funso. Pofika madzulo mudzi wonse ukanadziwa kuti mwamuna wa Nellie, wa ku ndege uja, anapempha kugonetsedwa ngati nkhuku yothiridwa kachasu. Komanso nkhuku ya apongozi siibwerera kukhitchini yosakhudzidwa.

Anasamba m'manja. Anadya ndi mbali imodzi, pang'onopang'ono, misozi ili m'maso.

"Uwauze amalize, asachite manyazi," anatero mawu a kuseri kwa nkhokwe.

Anamaliza.

Ku disipensale galimoto ya dotolo inali itafika kale, anthu ali pamzere pakhonde. Njira yonse Lekani anali atakonza bodza lake. Mbale ziwiri si zambiri, ankadziuza choncho, mwina zatsika kale ndi kupalasaku. A Goodson anatuluka ndi pepala, naitana dzina lake.

"Achimwene a ku Chileka! Kaya m'mimba muli bwanji, mwadya kanthu?"

Lekani asanatsegule pakamwa, Nellie anayankha atagwada, monyadira.

"Adya ndithu, adokotala, musadandaule. Futali ndi nkhuku. Amayi anachita kuwapondera."

A Goodson anaika pepala pamutu. "Mayo ine! Achimwene, ndinati chiyani Lolemba? Mulamu, bambowa amayenera kugonetsedwa lero. Ndi nkhuku m'mimbamo, dotolo sangayerekeze."

Nellie anatembenuka kuyang'ana mwamuna wake. Lekani anayang'ana zala za kumapazi.

"Njira zatsala ziwiri," anapitiriza a Goodson, mawu atatsika. "Kudikira mwezi wa mawa, kapena jekeseni yanga lero. Koma tsaya ilo silingadikire mwezi, mafinya akatsikira kukhosi ndi nkhani ina. Kambiranani."

Anakakhala pamwala kuseri kwa nyumbayo, pafupi ndi njinga. Kenako Lekani anafotokoza zonse, za amalume, za pulayala, za phokoso la dzino likuthyoka m'mutu. Ankalankhula ngati akuuza tayala la njinga.

"Ndiye munadyeranji?" anafunsa Nellie.

"Unali msoti wofiira uja."

Nellie anabisa nkhope mu mpango. Mapewa ake ankagwedezeka, ndipo Lekani sanadziwe ngati akuseka kapena akulira. Atavundukula, zinaoneka kuti zinali zonse ziwiri.

"Inu a Lekani inu. Mukanafera ulemu." Anapukuta m'maso. "Tandiuzani, chimene mumaopa kwenikweni n'chiyani? Kuwawa?"

Lekani anaganiza. Palibe anamufunsapo zimenezo, ngakhale iye mwini.

"Kugwiridwa pansi. Ndi kuchiona chitsulocho chikubwera."

Nellie anadzuka n'kulowa yekha kwa a Goodson. Mtsikana amene ankachita manyazi ngakhale kufunsa mtengo wa sopo m'sitolo ya Mmwenye anakhalamo nthawi yaitali. Atatuluka anangoti, "Tiyeni."

M'chipindamo munali mpando wathabwa, ndipo mbale ya zitsulo inali itaphimbidwa ndi thaulo. Bambo wamphamvu amene ankagwira odwala mapewa anali atatumizidwa panja.

"Mulamu wandipatsa malamulo," anatero a Goodson. "Palibe akugwirani. Mukakweza dzanja, ine ndiima, ngakhale pakati penipeni. Ndalumbira."

Nellie anaima kumbuyo kwa mpando. Lekani anatsamiritsa mutu pamimba pake, ndipo Nellie anamuphimba maso ndi zikhatho, mopepuka, moti akanafuna akanazichotsa. Zinkanunkhira utsi ndi nsinjiro.

Jekeseni inaluma ngati mavu. Lekani anakweza dzanja.

Zonse zinaima. Anamva a Goodson akubwerera m'mbuyo, anamva mwana akulira pakhonde, anamva mpweya wa Nellie pamwamba pa mutu wake. Palibe anamukalipira, palibe anamufulumizitsa. Anadikira mpaka mtima unatsika, n'kutsitsa dzanja yekha.

Patapita kanthawi mlomo unalemera ngati si wake. Anamva kukankha, kugwedeza, kukokedwa kwa chibwano chonse. Dzanja linanyamuka pang'ono pabondo, n'kubwereranso. Nellie ankamunong'oneza za mbeu ya nandolo imene amayi anawalonjeza, kuti akaidzala kuseri kwa nyumba, kuti mbuzi za aneba zikavuta amanga mpanda wa minga. Kenako chinachake chinagwera m'mbale, ngwe.

"Lumani thonje ili," anatero a Goodson. "Mizu itatu, yonse yatuluka. Mulamu, mungawamasule."

Nellie sanachotse manja msanga. Ankamva kuti anyowa, ndipo anadikira kaye, n'kupukuta nkhope ya mwamuna wake ndi nsonga ya mpango asanamuonetse kwa anthu.

Panja Lekani anayesa kulankhula, koma ndi thonje ndi dzanzi mawu anatuluka ngati a mwana wa ng'ombe. Analoza msewu wa kwa apongozi, n'kupukusa mutu mopempha.

"Ndamva," anatero Nellie. "Akandifunsa ndikawauza kuti munakhala pampando nokha, popanda wokugwirani. Kodi ndikhala ndanama?"

Lekani anaganiza pang'ono, n'kupukusa mutu. Nellie anagwira chiwongolero mbali ina, iye mbali ina, ndipo anayamba kukankha njinga kulowera kumsewu.