Zilembo za Mapazi pa Khoma la Linah

Linah atafika pa shopu yake yosokeramo zovala mmawa, anapeza khoma lakutsogolo lili mbuu, lopakidwa laimu. Dzina lake silinkaonekanso. Pakhonde panali a Misheck, mkulu wake wa malemu mwamuna wake Ezron, manja ali oyera ngati ochokera kuchigayo.

"Mwawuka uli, mulamu?" anatero a Misheck akumwetulira.

"Nauka bwino, alamu. Koma khoma langa ndiye silinauke bwino."

Chimwalirireni Ezron, a Misheck ankangonena kuti nyumba ya shopuyo inali ya banja lawo la ku Magodi, pakuti anaimanga ndi mwana wakwawo. Ankafuna kutsegulamo sitolo ya mbewu ndi feteleza, Linah atenge makina ake abwerere kwa makolo ake kwa Mwase. Tsiku limeneli anabwera atamangirira pa njinga chinsalu cha pulasitiki chosindikizidwa ku Chipata, cholembedwa dzina lawo m'tizilembo toonda tofiira.

Ezron anali wolemba zikwangwani. Masukulu, matchalitchi ngakhale ngolo za ng'ombe zinkadziwa dzanja lake. Zilembo zake zinali zonenepa: mizere yoimirira yokhuthala ngati nsichi za khola, yopingasa yocheperako, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse ankaikako kaphazi kotambalala. Ankati mapaziwo amagwira diso la munthu wodutsa pa njinga kuti lisatsetsereke. Ankatinso zilembo zotere sizifuna nkhani yaitali, zimafuna liwu limodzi ndi malo aakulu oti lipumirepo. Pa khoma la mkazi wake anachita chimene sanachitirepo kasitomala aliyense. Pulasitala akadali wamuwisi, anaumba zilembozo ndi simenti kuti zitukuke, Linah akumudulira zikombole za makatoni ndi sizasi yake yodulira nsalu. Liwu lake linali limodzi basi: LINAH.

Linah sanakangane nawo alamu akewo. Anatsegula chitseko, nasesa m'kati monga mwa masiku onse. Dzuwa litakwera pang'ono n'kuwomba khomalo chammbali, amayi Faides, amene ankagulitsa nshawa zokazinga pafupi pomwepo, anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"A Misheck, onani! Dzina lija mwaika m'manda lauka!"

Laimu anali ataphimba penti yokha. Chilembo chilichonse chinali chilili ndi mthunzi wake, choyera pa khoma loyera, mapazi ake ataponda molimba.

Linah anasuzumira, nabwerera m'kati. Anatuluka ndi chitini cha penti yakuda imene Ezron anasiya, bulashi ndi tebulo lake lodulirapo nsalu. Anamanga chitenje mwamphamvu n'kukwera. Dzanja linakumbukira mmene Ezron ankachitira: kuyambira pamwamba, kutsika ndi mzere wonenepa osaima, kenaka kutembenuza bulashi chopingasa pa phazi.

"Mulamu, tsikani apo!" anakalipa a Misheck. "Mzimayi wofedwa akwela pa tebulo pamaso pa anthu? Simumva nsoni?"

"Nsoni nizimva, alamu. Niona dzina langa lavala laimu monga chimbudzi."

"Iyi nyumba ni ya m'bale wanga!"

"M'bale wanu anali kudziwa kulemba kupambana tonse. Akanafuna dzina lanu sembe analiumba."

Anthu anayamba kuima, ena osatsika n'komwe pa njinga. A Misheck anapita kwa wokonza njinga kutsidya kwa msewu, nabwerako ndi hamala ndi tchizulo. Anaimika tchizulo pa phazi la chilembo choyamba, penti ikadali yonyowa, namenya. Phazilo silinachoke lokha. Linatengana ndi pulasitala ndi chibenthu cha njerwa, ndipo mng'alu unathamanga mpaka pa zenera. A Misheck anabwerera m'mbuyo. Anaona okha kuti pochotsa zilembo zonenepa chotero, khoma limene ankalifunalo likanatha.

Linah anayang'ana balalo, misozi ili m'maso. Linali phazi limene Ezron anaumba ndi zala zake. Anaviika bulashi, nalijambulanso pa njerwa yosweka yomweyo, lotambalala kuposa loyamba.

Nthawi yomweyo minibasi yochokera ku Chipata inachepetsa liwiro, kondakitala atatulutsa mutu pa zenera.

"Pa Linah! Otsika pa Linah, fulumilani!"

Sitejiyo inalibe dzina lina. Madalaivala ankaliona liwulo akangokhota pa ngodya, ndipo kwa zaka zonsezi ndi mmene ankaitchulira. Munatsika mayi wina wa ku Kasungu ndi mtolo wa nsalu pamutu, nafunsa ngati telala watsegula.

"Natsegula, amama. Khalani pa benchi, nitsilize chilembo chimodzi."

A Misheck anabweza hamala kwa mwini wake. Chinsalu chawo sanachimasule n'komwe pa njinga.

"Simunapambane, mulamu," anatero akupukuta manja. "Akuluakulu onse a ku Magodi azabwela, nkhani iyi tizaikhalila pansi."

Linah ankadziwa kuti abweradi, ndipo sankadziwa chimene akagamule. Sanatembenuke. Anali pa mzere womaliza wa H, akutsika nawo pang'onopang'ono kuti penti isayenderere.

"Abwele, alamu," anatero. "Sangasochele. Muwauze atsikile pa Linah."