Ba Rhoda Akana Kugulitsa Mashini

Ba Rhoda anali telala pa Mpanshya, ndipo mayunifomu ambiri a ana asukulu kumeneko anasokedwa ndi iwo. Diso lawo lamanzere linafa ali mwana. Lamanja linachita ng'ala, madokotala anaichotsa n'kuikamo kagalasi, ndipo anaona bwino zaka ziwiri. Kenako linayambanso kuchita chifunga.

Nesi anawauza kuti ku Lusaka kuli makina a kuwala otchedwa leza amene angakonze vutolo. Mwana wawo Eugene, yemwe anabwera kuchokera ku Chongwe kudzawaona, sanafune n'kumva komwe.

"Amayi, leza amadulira zitsulo. Diso limodzi lomweli mukaliotche? Tigulitse mashini osokerawa, mukakhale kwathu mupumule."

"Ndikapumule chiyani? Kusenda nyemba pakhonde la mkazi wako?"

"Mukakachita khungu musadzandiitane."

"Sindidzakuitana. Diso ndi langa."

Lolemba m'mawa anakwera minibasi okha. Manambala a pafoni samawaona, choncho kondakitala ndi amene anawaimbira mnzawo wa kutchalitchi wokhala ku Lusaka kuti akawachingamire.

Dokotala wa maso anali mtsikana, dzina lake Cynthia. Ba Rhoda sanamuchitire manyazi.

"Mwana wanga akuti mundiotcha. Ndiuzeni zoona, ndine munthu wamkulu."

"Kuseri kwa kagalasi kanu kwamera kakhungu kopyapyala, ndiko kakutchinga," anatero dokotala. "Makinawa sayaka mosalekeza ngati tochi. Amasonkhanitsa mphamvu ya kuwala, n'kuitulutsa yonse kamodzi, kanthawi kochepa kwambiri moti kuphethira n'kuchedwa. Mphamvuyo imakumana pakadontho kamodzi, n'kuboola kakhunguko. Kutentha sikupeza mpata wofalikira."

"Ngati singano ya mashini? Kubaya, kutuluka, kubaya?"

"Chimodzimodzi. Ena amaphwanyira miyala ya mu impso ndi makina a mtundu womwewu."

"Bayani."

Dokotala anawathira mankhwala m'diso, ndipo ba Rhoda anaika chibwano pachitsulo, chipumi n'kutsamira palamba. Anamva kuti the, the, the, ngati munthu akuthyola tizitsotso. Anawerenga mpaka makumi awiri, kudikira ululu. Sunabwere.

"Tatha," anatero dokotala.

Tsiku limenelo ankangoona kuwala kothobwa m'maso ndi timadontho takuda toyandama, ndipo mumtima anati mwina Eugene ananena zoona. Sanauze munthu. Kutacha, kunyumba kwa mnzawo uja, anawerenga kalendala yapakhoma ali chikhalire pamphasa, mpaka timalemba tapansi.

Atatsika minibasi pa Mpanshya masana, anaona njinga itaima pakhomo pawo. Eugene ndi bambo wina, ba Philemon a ku Chinyunyu, anali atatulutsa mashini aja ndipo ankawamangirira pakaliyala ndi mphira.

"Masulani," anatero ba Rhoda asanafike n'komwe pabwalo.

"Amayi, ndimaganiza kuti..."

"Unaganiza kuti ndibwera chogwiridwa dzanja. Ba Philemon, pepani, mwayenda ulendo wachabe. Mwana uyu wakugulitsani chinthu chosakhala chake. Ndipo thalauza lanu lasosoka kumbuyo, lidzabwere Lachinayi."

Ba Philemon anadzigwira kumbuyo, anaseka mwamanyazi, n'kuyamba kumasula mphira. Eugene sanaseke. Ananyamula mashiniwo yekha, kuwabwezera patebulo, n'kutenga chikwama chake.

"Ndimaopa kuti mukhala nokha mumdima," anatero ali pakhomo.

"Ndikudziwa. Ukanandiperekeza, osati kundigulitsira katundu."

Eugene anapita osatsanzika, ndipo panatha mwezi osaimba foni. Ba Rhoda nawonso sanaimbe. Sabata yomwe anabwera kuchokera ku Lusaka analandira ntchito yosoka madiresi asanu ndi atatu a kwaya ya amayi, a nsalu yobiriwira yoterera imene matelala ena awiri anaikana.