Mchenga wa Pampando wa Dalaivala

Pampando wa dalaivala panali matumba anayi a mchenga, omangidwa lamba ngati munthu. Aliyense wolowa m'galajamo ankafunsa za matumbawo, ndipo Injiniya ankayankha osatukula n'komwe mutu kuti amenewo ndi bambo ake.

Sankanama ayi. Galimoto yokathamanga pabwalo la mpikisano imafuna kuti matayala ake asenze katundu mogwirizana, apo ayi ikafika pakona imakokera mbali imodzi. Ndiye umaiimika pamasikelo anayi, tayala lililonse pasikelo yake, n'kumapotokola masipuling'i pang'onopang'ono mpaka manambala atagwirizana. Koma ntchitoyi sigwirika mpando uli wopanda munthu. Woyendetsa ayenera kukhalapo, ndipo ngati palibe umaikapo mchenga wolemera chimodzimodzi ndi iyeyo. Bambo ake ankalemera makilo 91.

Dzina loti Injiniya anamupatsa ndi bambo omwewo ali kamtsikana, tsiku limene anaphwasula wailesi ya pabalaza n'kulephera kuibwezeretsa. Linali dzina lomuseka, koma anakula nalo mpaka anatsegula nalo galaja. Galimoto ya bambowo inali yakale kuposa iye: ya zitseko ziwiri, yofiira, yotsika ngati yagwada. Mayi ake ankaitchula kuti mkazi mnzanga. Bambowo anayendetsa basi zaka makumi atatu, basi yomangidwa liwiro, yopitiriridwa ngakhale ndi njinga zamoto, ndipo Loweruka lililonse ankabwezera ukali wonsewo popukuta kagalimoto kawoko mpaka kuwala. Atapuma pantchito anakalembetsa tsiku limene bwalo la mpikisano limatsegulidwira anthu wamba kuti athamangitse galimoto zawo. Kunali kutatsala miyezi isanu.

Injiniya atatsegula boneti anapeza kuti ndi chikomekome cha mkuyu. Rediyeta inali itatsekeka ndi dzimbiri, moti injini inkawira ikangokwera kachitunda. Mashoko anali atafa kalekale; ukakanikiza kutsogolo, galimoto inkagwedera katatu isanakhazikike. Marabala a pansi ankanyenyeka m'manja. Anawauza bambo ake kuti galimoto yotereyi ikazungulira bwalo kawiri idzabwerako pachingwe.

Mwezi womwewo adokotala anapeza chotupa m'mimba mwa bambowo. Mayi analira panjira yonse yobwerera. Bambo anangopempha kuti adzere kugalaja.

"Iwe konza galimoto, madokotala akonze ine," anatero. "Tione amene ati amalize msanga."

Injiniya anadikira kuti mtima umupweteke, koma sunapweteke. Unangochita dzanzi ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Anavala ovolosi n'kulowa pansi pa galimoto.

Anayamba ndi zoziziritsa. Anachotsa rediyeta yakale n'kuikapo ina yaikulu, yokhuthala, imene inakana kulowa mpaka atadula kachitsulo kena n'kuwotcherera kwina. Anasintha mapaipi onse, pampu ya madzi ndi fani. Kutsogolo anamangako karediyeta kena kakang'ono koziziritsa oyilo, chifukwa pabwalo injini imalira osapuma ndipo oyilo akatentha amasanduka madzi. Kenako anabwera kumiyendo: mashoko atsopano okhala ndi mazinga, oti ukapotokola galimoto imakwera kapena kutsika, ndi marabala olimba. Atamaliza anabwereka masikelo, nadzaza matumba anayi aja pamulu wa mchenga wa omanga nyumba kuseri kwa galaja. Anatha tsiku lathunthu akupotokola, kutsitsa jeke, kuwerenga, kukwezanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzulo manambala anagwirizana, ndipo anawajambula pafoni n'kutumizira bambo ake.

Lachiwiri lotsatira kunabwera uthenga wochokera kwa mayi. Kuchipatala ankawayeza bambo sikelo Lachiwiri lililonse asanawapatse mankhwala, ndipo bambowo analamula kuti nambala izitumizidwa kwa Injiniya. Uthengawo unali nambala yokha: 87.

Injiniya anamasula thumba limodzi. Anatenga chitini chopanda kanthu cha oyilo, chodula pakamwa, natapa mchenga kanayi. Sanautaye. Anauthira m'ndowa yachitsulo pakona, poti munthu akachira amanenepanso, ndipo mchengawo udzafunika. Kenako anabwerezanso ntchito yonse ya masikelo.

Kunena chilungamo, munthu wokathamanga tsiku limodzi safunika kumuyezera mpaka kilo yomaliza. Makaniko aliyense angakuuzeni, ndipo Injiniya ankadziwa kuposa onse. Koma ntchitoyi inkadya Lachiwiri lonse, ndipo Lachiwiri ndilo linali tsiku loperekeza bambo kuchipatala. Mayi anamuimbira foni n'kumufunsa ngati anabadwa ndi mtima kapena bawuti. Anamuuza kuti ana a anthu ena amakhala pabenchi ndi makolo awo, amawagwirira beseni akamasanza. Injiniya anamvetsera zonse foni ataipana ndi phewa, manja ali pasipanala, n'kuyankha kuti wamva. Sanakwiye, ndipo sanachite manyazi. Chimene chinkamudabwitsa n'choti ankadya bwinobwino, n'kumagona tulo osalota.

Manambala anapitiriza kubwera. 83. 80. Sabata ina inabwera 81, ndipo anabweza chitini chimodzi kuchoka m'ndowa kupita m'thumba. Sabata yotsatira anachotsa zitatu. Matumba anayi anasanduka atatu, lamba n'kumakhwepa, iye n'kumamukoka. Injini ankailiza ola lathunthu pabwalo la galaja dzuwa lili pamutu, ndipo muvi wa kutentha sunkasuntha pakati. Galimoto inkachira ndithu.

Kutatsala masiku asanu ndi atatu, Loweruka m'mawa, takisi inaima pakhomo la galaja. Anatsika mayi, kenako bambo atakoloweka mkono paphewa pawo. Malaya anali omwe aja a masiku onse, koma kolala inkazungulira khosi osalikhudza. Lachiwiri lapitalo nambala inali 61.

Bambo anazungulira galimoto atagwira denga lake. Anasuzumira rediyeta n'kunena kuti yaikulu chonchi akhoza kusambiramo. Anakanikiza kutsogolo kuti aone mashoko. Galimoto sinagwedere, ndipo palibe amene ananena ngati chifukwa chinali mashokowo kapena mkonowo. Kenako analoza matumba aja.

"Chotsa anzangawa ndikhalepo mwini wake."

Injiniya anachotsa matumbawo. Galimoto inali idakali pamasikelo. Iye ndi mayi ake anawatsitsira bambowo pampando pang'onopang'ono, mwendo umodzi kenako unzake. Manambala anayi anavina pang'ono n'kuima pomwe anali ndi mchenga. Bambo atauzidwa anamwetulira, nati ndiye kuti sukulu sanalipire pachabe.

Anagwira chiwongolero, naponda kilatchi. Kilatchi ya galimoto zakale ndi yolimba, imafuna mwendo wa munthu wakudya. Inatsika theka n'kubwerera. Anapondanso, bondo likunjenjemera m'kati mwa buluku. Kachitatu anathandizira ndi dzanja pabondo, giya n'kukukuta osalowa. Anasiya. Anakhala choncho akuyang'ana khoma la kutsogolo, pamene panapachikidwa malamba a fani. Mayi anatuluka panja kukayang'ana msewu.

Injiniya anayamba kufotokoza kuti kilatchi ikhoza kufewetsedwa, kuti masiku asanu ndi atatu ndi ambiri, kuti pali kachipangizo kena kamene angaitanitse. Ankalankhula ngati akuuza kasitomala. Bambo anamusiya amalize, kenako anapempha kuti awatulutse. Anawakhazika pampando wapulasitiki, pafupi ndi kabokosi koonetsa manambala a masikelo.

"Tangolowamo iweyo."

Analowa. Mpando unali udakali wofunda. Bambo anawerama, naika magalasi awo, nawerenga manambala onse anayi mmodzimmodzi, monga ankawerengera matayala a basi m'mawa uliwonse.

"Sanasinthe," anatero. "Umalemera bwanji, mwanangu?"

"Makilo 61."

"Ndiye takumana." Anavula magalasiwo n'kuwapinda. "Usachotsenso mchenga. Galimoto yatha kukonzedwa, ukayendetsa ndiwe."

Injiniya anati chabwino. Anawathandiza kukwera takisi, natseka chitseko, nabwerera m'galaja. Anabwezera matumba pampando n'kuwamanga lamba. Masana anasintha mabuleki a galimoto ya kasitomala wina, ndipo anaigwira bwino ntchitoyo.

Lachiwiri foni inalira nthawi yake yomweyo. 58. Mayi anali asanasiye kutumiza, mwina poti palibe anawauza kuti asiye. Injiniya anapezeka atanyamula kale chitini chija, dzanja lina lili pamfundo ya thumba. Kenako anabweza chitinicho pashelefu.

Panalibenso chochita pagalimotoyo, choncho anaganiza zosesa. Ndowa ija inali kutsekereza pakona, ndipo mchenga wake ukanathandiza kuthira pamene patayikira oyilo. Anaigwira ndi dzanja limodzi kuti aisunthe. Sinasunthe. Miyezi yonseyi ankathiramo chitini chimodzi, zitini ziwiri, zopepuka ngati kapu ya madzi, ndipo anali asanainyamulepo ndi kamodzi komwe. Anaigwira ndi manja awiri, napinda mawondo, naikweza. Chogwirira chinamudula zala, msana n'kulira. Makilo makumi atatu.

Anayenda nayo mapazi atatu, osadziwa kumene akupita nayo. Sakanatha kuithira pansi kuti anthu azipondapo. Anakhala pasimenti pomwepo, ndowa ili pakati pa miyendo, ataikumbatira. Zala zimene zinachita dzanzi ndi chogwirira chija zinayamba kubwerera, zikubaya ngati singano.

Anatulutsa foni n'kuimbira mayi ake kufunsa kuti bambo ali chipinda chiti kuchipatalako.