Lole Yozimira pa Regina

Ine nsanje ndili nayo, sindibisa. Koma nayenso Ezron, mwamuna wanga, anandipatsa chifukwa.

Lole yathu yonyamula chimanga kuchoka ku Bundabunda kupita ku Lusaka inayamba matenda Ezron atasintha gasiketi ya pa manifodi, pamene injini imakokera mpweya. Yatsopano kunalibe, ndiye anadula katoni, naipaka girizi. Kuyambira pamenepo, akangochotsa phazi pamoto, injini inkanjenjemera, kutsokomola, kenako zii.

Chinandiwawa n'chakuti inkazimira malo amodzi: pa mphambano ya Chalimbana, pakhomo pa Regina, mayi wamasiye wogulitsa tiyi. Msewu wonsewu mulibe malo ena ofera? Akazi anzanga kuchitsime ankandifunsa ngati loleyo yalipira malowolo.

"Pali kona paja," anatero Ezron. "Nikabweza moto, izima. Iba mpweya penapake."

"Mailo nikwera naine," ndinamuyankha.

M'mawa mwake ndinakwera, nditamanga nkhope. Titafika pakona, anachotsa phazi, lole inazimadi. Manyazi anandigwira. Kani bamboyu sankanama!

Anaipukusa ndi chitsulo mpaka inalira, nandiuza kuti ndiponde moto pang'ono. Kabuleta anali ataikayikira kale, mapulagi anatsuka, osathandiza. Tsopano anatenga sopo wanga, napanga thovu, n'kumapaka m'mbali mwa manifodi. Pamalo ena thovu linamwedwa, injini inasintha mawu. Katoni inali itapindika pamenepo. Anamata, namanga manati mosinthanasinthana. Nditachotsa phazi, injini inangolira bwinobwino ngati mphaka wokhuta.

Mtima wanga unayera. Ndinafuna kupepesa, ine wosadziwa kupepesa.

Pamenepo Regina anatuluka, atanyamula tiyi m'kapu imodzi. Atandiona anaima.

"Ba Ezron, lelo muli na alendo?"

Alendo, ine! Ndinayang'ana kapuyo. Inali yachitsulo, yobiriwira, yosupuka pachogwirira. Kapu ya Ezron, imene ndinaifunafuna nyumba yonse mpaka kukalipira ana.

"Yapola motoka," ndinatero. "Tiyeni."

Ezron anapukuta manja pang'onopang'ono, nakwera, nakhala pachiwongolero. Injini inkalira mosalala, yopanda chifukwa chilichonse choimira. Anayang'ana msewu, anayang'ana kapu ija.

"Tiyi izazizira," anatero chapansipansi.

Anatambasula dzanja, nazimitsa injini yekha.