Mfuti Yometedwa Mpala

Lyle Brekke ankawakonda malemu bambo ake, koma pa nkhani ya mfuti sanawakhululukire. Inali mfuti ya asilikali a ku Britain, ya pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo bambo akewo atangoigula motchipa m'tauni ya Fergus Falls anaitengera sowo. Thabwa lakutsogolo anadula, lapamwamba anataya, lakuphewa nalo anafupikitsa, kuti izipepuka posaka agwape. Masiku amenewo aliyense ankatero. Koma Vern Tollefson, mnzake wa Lyle wosunga mfuti zakale, akangoiona ankaseka mpaka kutsokomola, ati mfuti yometedwa mpala.

Lyle zinkamuwawa, ndiye analumbira kuti aibwezera mmene inalili, ndipo pa chionetsero cha mfuti cha mu Okutobala Vern adzasowa chonena. Chaka chonse anangokhalira kusakasaka zipangizo zobwezeretsera mfutiyo. Thabwa latsopano lakuphewa linachokera ku Ohio, timphete tachitsulo ku Manitoba, ndipo kasikuluwu kamodzi anakadikira milungu isanu ngati mvula. Mafuta ankapaka ndi chala. Mkazi wake mpaka anayamba kuuza anthu kuti ali pamitala.

Itatha, inalidi yopatsa kaso. Kutatsala sabata kuti chionetsero chichitike, mayi ake, a Ardis, a zaka 84, anabwera kudzadya nkhomaliro. Lyle anaitulutsa monyadira n'kuwauza kuti wakonza zonse zimene bambo anawononga.

A Ardis anayamba aona ngati mulibe chipolopolo, manja akuchita kusonyeza kuzolowera, kenako anaikweza paphewa. Chala sichinafike powombera. Anasendeza tsaya, anatambasula mkono, koma ayi ndithu.

"Iwe, mfuti yanga waichita chiyani?"

"Yanu, amayi? Si ya bambo iyi?"

"Bambo ako aja akawomba, gwape ankangodzutsa mutu n'kupitiriza kudya. Anandiyeza mkono ndi chingwe kukhitchini, n'kudula thabwa lakuphewa mainchesi awiri. Nyama yonse munakulira ija umayesa ankapha ndani? Iwo yawo inali kukoka ndi kujambulitsa basi."

Mkazi wa Lyle anathawira kukhitchini kukasekera komweko. A Ardis sanaseke. Anaisisita mfutiyo pang'ono n'kuibweza. Anati ndi yokongola ndithu, kungoti tsopano ndi ya msilikali wina wamtali yemwe iwo sakumudziwa.

Lyle anachita manyazi kwambiri, makamaka pokumbukira kuti thabwa lakale lija analiponya pamoto kalekale. Chakudya sichinamukomere. Atachotsa mbale, anabwera ndi chingwe n'kuwapempha mayi ake kuti apinde mkono.

Lachisanu Vern anaimba foni kufunsa ngati wapeza tebulo kuchionetsero. Lyle anayankha kuti sabwera, ndipo sanafotokoze zambiri poti dzanja lina linali litagwira sowo. Thabwa la ku Ohio lija analidula mainchesi awiri ndi theka, chifukwa mayi anali atafupikirako ndi ukalamba.