Kweza Manja

Telala wina ankadzitama kuti Chingerezi amachimwa ngati madzi. Zaka zinayi za sukulu yamadzulo si masewera, ndipo satifiketi yake anaipachika pamwamba pa makina kuti kasitomala aziyamba waiona asanaone nsalu. Koma panali patadutsa zaka makumi awiri, ndipo mawu ali ngati suti yosungidwa m'kabati: ukapanda kuivala, njenjete zimakuvalira.

Zimenezi anazizindikira sabata imene anamva kuti kukubwera mwana wa mlongo wake. Mlongoyo anakwatiwa kunja ndipo anali atamwalira, kusiya mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi wosadziwa chilankhulo china koma Chingerezi. Bambo a mwanayo anatsogola kalekale. Wotsala anali malume basi.

Telala anafukula kope lake lakale. Mawu ankawayang'ana ngati anthu okumana nawo pamaliro, nkhope ukuidziwa koma dzina osabwera. Anayesa kukonza zodzanena: kuti mayi ako ndinkawabereka kumbuyo, kuti kuno ndi kwanu, kuti usaope. Chiganizo chilichonse chinkadukira panjira. Amene anatsala anali mawu a ntchito okhaokha, omwe ankauza makasitomala achilendo mwa apo ndi apo: imani chilili, tembenukani, kwezani manja, mubwere Lachisanu. Mkazi wake anamuseka kuti satifiketiyo aitsitse, apachikepo kalendala. Iye anaseka nawo, koma mumtima munali mantha, kuti mwana adzafika kwa malume ake n'kupeza mlendo.

Mwanayo anafika masana, ataperekezedwa ndi mayi wa ku ofesi yoona za ana. Anaima pakhomo la shopu atakumbatira kachikwama, diresi itamuthina m'khwapa. Mayi uja atachoka, mwana anayamba kulankhula mothamanga, mawu ambirimbiri, kenako n'kugwetsa misozi. Pa zonsezo telala anatolapo liwu limodzi lokha, lakuti amayi.

Telala anachita manyazi. Mwa chizolowezi maso ake anagwera pa diresi yothina ija. Anachotsa tepi m'khosi n'kugwada.

Anamuuza m'Chingerezi kuti aime chilili. Mwana anaima, akusisima. Anamuyeza mapewa. Anamuuza kuti atembenuke, ndipo anatembenuka. Kenako ananena mawu amene anali atawanena kambirimbiri osawaganizira n'komwe, akuti akweze manja.

Mwanayo anaika kachikwama pansi n'kukweza manja onse awiri, monga achitira ana akafuna kunyamulidwa. Tepi inagwa. Telala anamunyamula, mwana n'kubisa nkhope m'kolala ya malaya ake.

Mkazi wake atalowa anawapeza choncho, onse awiri akulira.

"Mwamuuza chiyani, bambo?" anafunsa motsitsa.

"Zomwe zinatsala," anayankha telala.